Mmene mungawerengere kafukufuku wa makoswe pa nkhani ya opaleshoni yochepetsa thupi, mtsempha wa vagus ndi matenda a shuga

Nthawi ndi nthawi pamatuluka nyuzi yoti asayansi apeza kuti opaleshoni ya m'mimba ikuchotsa matenda a shuga, kapena kuti adula kamtsempha kena shuga n'kutsika, ndiye ukawerenga mpaka pansi umapeza kuti odwalawo anali makoswe kapena mbewa za mu labu. Ena akangoona mawu oti makoswe amatseka pompo, amati zachibwana izi. Ena pansipo safikapo n'komwe, amangonyamula mutu wa nkhaniyo n'kuyamba kuganiza zosiya mapilisi awo, ndipo gulu lachiwirili ndi limene limandidetsa nkhawa kwambiri chifukwa shuga sachedwa kuwononga maso ndi impso munthu akamusiya osamusamala. Kafukufuku wa nyama ndi wofunika ndithu, zambiri zimene madokotala akudziwa lero zinachokera komweko, kungoti ali ndi kawerengedwe kake.

Yambani ndi kudziwa chimene chinapangitsa kuti anthu apite ku makoswe. Opaleshoni ya gastric bypass, yochepetsa chifu n'kusintha njira ya chakudya, inayambitsidwa ndi Edward Mason ku University of Iowa m'zaka za m'ma 1960, cholinga chinali kungochepetsa thupi basi. Koma madokotala anayamba kuona chinthu chodabwitsa, odwala shuga ambiri ankatuluka m'chipatala shuga atatsika kale patangopita masiku owerengeka, sikelo isanasinthe kwenikweni. Mu 1995 Walter Pories wa ku East Carolina University anatulutsa zotsatira za odwala 608 amene anawatsatira mpaka zaka 14, ndipo mwa anthu 146 amene anali ndi shuga wa mtundu wachiwiri, 121 shuga wawo anabwerera mwakale. Funso linali loti, kodi ndi kuwonda kokha kapena pali china chimene chimasintha m'matumbomo? Munthu simungamutsegule m'mimba n'kumudula mtsempha kuti mungoona chimene chichitike, n'chifukwa chake funsoli linapita ku labu.

Ndiye mukatsegula nkhani yotere, choyamba fufuzani kuti nyamayo ndi yamtundu wanji ndipo shugayo anaidwala bwanji, paja makoswe a mu labu si amodzi. Pali khoswe wa Goto-Kakizaki amene anapangidwa ku Japan m'ma 1970 posankha makoswe a shuga wokwererako n'kumawaberekanitsa mibadwomibadwo, ameneyu amadwala shuga koma sanenepa. Pali khoswe wa Zucker amene ali ndi vuto pa jini yolandirira homoni ya leptin, imene imathandiza kuletsa njala, ndiye sakhuta, amangodya n'kumanenepa. Mbewa za ob/ob zilibe leptin yeniyeniyo, za db/db zili ndi vuto lofanana ndi la Zucker. Nyama zina amangozipatsa chakudya chamafuta kwambiri kwa miyezi mpaka zinenepe, ndipo zina amazibaya streptozotocin, mankhwala amene amapha maselo a mu kapamba (pancreas) opanga insulini. Izi zili ndi ntchito chifukwa khoswe wobayidwa streptozotocin wambiri amakhala pafupi ndi shuga wa mtundu woyamba, pomwe anthu amene amachitidwa maopaleshoniwa amakhala a mtundu wachiwiri. Mukaona nkhani yangoti makoswe odwala shuga osatchula mtundu, sakani pepala lenileni la ofufuzawo, gawo lofotokoza njira zimene anatsata limatchula.

Kenako onani opaleshoni yake. Pa gastric bypass amadula chifu n'kusiya kathumba kakang'ono pamwamba, kathumbako amakalumikiza ku matumbo aang'ono chapatsogolo, ndiye chakudya chimadumpha chifu chotsalacho ndi chiyambi cha matumbo chotchedwa duodenum. Pa sleeve amachotsa pafupifupi 80 peresenti ya chifu, chotsalacho n'kukhala ngati paipi, matumbo sawakhudza. Ndipo pali ina imene muziipeza kwambiri m'mapepala a makoswe, duodenal-jejunal bypass, pomwe chifu amachisiya chonse koma chakudya amachilambalalitsa duodenum. Imeneyi ndi imene Francesco Rubino anagwiritsa ntchito ku Strasbourg mu 2004 pa makoswe a Goto-Kakizaki aja, ndipo ine ndimaiona ngati eksiperimenti yoganizidwa bwino kwambiri pa nkhani yonseyi, chifukwa anatenga khoswe wosanenepa, chifu osachichepetsa, makoswewo sanasiyane kulemera ndi anzawo, koma shuga wawo anakhala bwino. Mu 2006 anapitiriza, makoswe ena anawapangira njira yachidule koma duodenum ili yotsegula, amenewo sanasinthe, atawabwezanso pa tebulo n'kutseka duodenum shuga anatsika, ndipo aja amene anachira atawatsegulira njira yakale vuto linabwerera. Apa mpamene anthu anayamba kuona matumbo ngati chiwalo cholamula nawo shuga, osati paipi yongodutsamo chakudya.

Chinthu chimene anthu ambiri amachidumpha koma ndi chimene chimasiyanitsa kafukufuku wabwino ndi wopanda pake ndi gulu loyerekezera nalo. Opaleshoni iliyonse, ngakhale yongotsegula pamimba n'kusokanso, imapangitsa nyama kusiya kudya kwa masiku angapo, ndipo nyama ikasiya kudya shuga amatsika, palibe chodabwitsa. Ndiye payenera kukhala gulu la sham, makoswe amene agonekedwa, atsegulidwa, matumbo awo agwidwagwidwa kapena kudulidwa n'kulumikizidwanso pomwepo, koma njira ya chakudya osasintha. Ngakhale zimenezo sizikwana. Pafunikanso gulu lina limene likupatsidwa chakudya chofanana ndendende ndi chimene ochitidwa opaleshoni akudya, kapena limene likumanidwa chakudya mpaka kulemera kwake kufanane ndi kwa anzawo. Ngati nkhani ikunena kuti shuga anatsika mosadalira kuwonda koma gulu limeneli palibe, mawu amenewo alibe poimira, musawatenge.

Tsopano za mitsempha, ndipo apa ndichedwapo. Mtsempha wa vagus si wa magazi ayi, ndi waya wonyamula mameseji, wa nambala 10 mwa mitsempha 12 yochokera ku ubongo. Umatsika m'khosi, kudutsa pachifuwa, n'kugawikana nthambi zopita ku chifu, matumbo, chiwindi ndi kapamba. Anthu ambiri amaganiza kuti ntchito yake ndi yongotumiza malamulo kuchokera ku ubongo, koma zoona zake pafupifupi 80 peresenti ya tiulusi take timanyamula meseji kuchoka m'mimba kukwera ku ubongo: chifu chatamuka bwanji, mafuta afika, shuga wafika, homoni yakuti yatuluka. Mameseji amenewa amakafikira kumunsi kwa ubongo pamalo otchedwa NTS, ndiye kuchoka pamenepo yankho limatsikanso kupita ku ziwalo.

Gulu la Tony Lam ku Toronto linaonetsa layini yonseyi mu 2008. Anathira mafuta pang'onopang'ono mu duodenum ya makoswe, chiwindi n'kuchepetsa shuga amene chimatulutsa m'magazi. Atathira limodzi ndi tetracaine, mankhwala ochititsa dzanzi, zimenezo zinasiya. Atadula vagus zinasiyanso, atatseka polandirira meseji mu NTS chimodzimodzi, ndipo atadula nthambi yolowera ku chiwindi zinasiyanso. Ndiye meseji ikuchoka m'matumbo, kukwera ku ubongo, kutsikira ku chiwindi, kukachiuza kuti chakudya chabwera, leka kupanga shuga. Chimene chinandigwira mtima n'choti makoswe atadya chakudya chamafuta kwambiri masiku atatu okha sisitimu imeneyi inasiya kuyankha. Mu 2012 gulu lomwelo linachita duodenal-jejunal bypass pa makoswe a shuga wosalamulirika ndipo shuga anatsika m'masiku awiri, insulini isanakwere, ndipo anaonetsa kuti gawo la matumbo lotchedwa jejunum, limene tsopano limalandira chakudya msanga, ndi limene limamva n'kutumiza meseji. Ku Lyon nako gulu la Gilles Mithieux mu 2008 linapeza kuti mbewa zochitidwa bypass matumbo awo amayamba kupanga okha shuga n'kumuthira mu mtsempha wa magazi wopita ku chiwindi, timinyewa ta m'mbali mwa mtsemphawo n'kumamva, ndipo atapha timinyewato ndi capsaicin, kemiko imene imapangitsa tsabola kuwawa, phindu la opaleshoniyo linachoka.

Mukawerenga zimenezi zokha mutha kunena kuti basi nkhani yatha, vagus ndiye mwini zonse. Koma ku Pennington Biomedical Research Center ku Baton Rouge, gulu la Hans-Rudolf Berthoud mu 2012 linadula nthambi ya ku chiwindi ija pa makoswe ochitidwa gastric bypass, ndipo makoswewo anadya pang'ono n'kuwonda chimodzimodzi ngati anzawo osadulidwa. Mu 2014 atadula nthambi ya celiac, imene imapita ku matumbo, kuwondako kunachepa, koma sikunatheretu. Kodi ndiye wina akunama? Ayi, ndipo apa ndi pamene muyenera kumafunsa mafunso atatu nthawi zonse: adula nthambi iti, aidula bwanji, ndipo ayeza chiyani pambuyo pake. A ku Baton Rouge kwenikweni ankayang'ana kudya ndi kulemera, a ku Toronto ankayang'ana shuga wotuluka m'chiwindi, zinthu ziwiri zosiyana ngakhale nyuzi zimakonda kuziphatikiza.

Kadulidwe nako kali ndi nkhani yake. Mpeni susankha, ukadula vagus yense pansi pa chifuwa wadula meseji yokwera ndi yotsika yomwe, chifu chimasiya kukankha chakudya bwinobwino, nyama imadya mosintha, ndiye shuga akasintha simungaloze kuti chasintha ndi meseji ya ku ubongo kapena kungoti chakudya chikuchedwa m'chifu. Nthambi imene amaitchula kuti ya ku chiwindi ija nayo dzina lake limasocheretsa, tiulusi take tambiri timapitanso ku duodenum, ku khomo lotulukira chifu ndi ku kapamba. Capsaicin amapha timinyewa tomva, koma amapha ta vagus ndi todutsa m'fupa la msana pamodzi, ndiye pepala la capsaicin likati mitsempha musafulumire kuwerenga kuti vagus. Masiku ano pali njira zosankha bwinoko, monga CCK-saporin imene amaibaya mu kamulu ka maselo a vagus m'khosi kuti iphe okhawo omva za m'mimba, komanso mbewa zosinthidwa majini zimene amatha kuyatsa ndi kuzimitsa gulu limodzi la minyewa ndi kuwala kapena mankhwala. Pepala logwiritsa njira zoterezi ndimalikhulupirira kuposa la mpeni wokha. Onaninso ngati anatsimikiza kuti mtsemphawo unadukadi, ofufuza osamala amabaya CCK, homoni imene imaletsa khoswe wabwinobwino kudya koma wodulidwa vagus saimva, kapena amabaya utoto n'kuona ngati wafika ku ubongo. Ndipo musaiwale kuti opaleshoni yeniyeniyo imadula kale nthambi zina za vagus za pa chifu, komanso mitsempha imatha kumeranso pakapita nthawi, ndiye zotsatira za sabata yachiwiri ndi za mwezi wachitatu zitha kusiyana.

Pa kayezedwe ka shuga musakhutire ndi nambala imodzi ya m'mawa. Mayeso odziwika ndi oti nyama imagona ndi njala, n'kupatsidwa shuga, kenako amayeza magazi mphindi zingapo zilizonse kwa maola awiri. Onani kuti shugayo anadzera pakamwa kapena anabayidwa pamimba, chifukwa wobayidwa sadutsa m'matumbo, mahomoni a m'matumbo ndi minyewa yake sadzutsidwa, ndiye mayeso awiriwa akuyankha mafunso osiyana. Nyama yochitidwa bypass kapena sleeve ikamwa shuga amakwera msanga kwambiri n'kugwanso msanga poti chakudya chimathamangira m'matumbo, ndiye amene wangoyang'ana mphindi 15 zoyamba anena kuti zaipa, amene wayang'ana pa 120 anena kuti zachira, muyenera kuona girafu yonse. Mayeso amphamvu kuposa onse ndi clamp, pomwe amathira insulini ndi shuga m'magazi nthawi imodzi mosamala kuti aone ngati vuto lili ku chiwindi kapena ku minofu, pepala lonena za chiwindi lopanda clamp limakhala likungoganizira.

Chinanso, mukapeza nkhani imene ikuti tapeza chinsinsi chimodzi cha opaleshoniyi, ikayikireni, chifukwa zinsinsi zoterezi zapezeka kambirimbiri. Kwa zaka anthu ankati ndi GLP-1, homoni ya m'matumbo imene imakwera kwambiri pambuyo pa opaleshoni n'kumathandiza kapamba kutulutsa insulini, koma mu 2013 gulu la Randy Seeley ku Cincinnati linachita sleeve pa mbewa zopanda polandirira GLP-1 ndipo zinawonda, shuga n'kukhala bwino ngati zinzake. Mu 2014 gulu lomwelo linaonetsa kuti mbewa zopanda FXR, polandirira ma asidi a ndulu, sizinapindule ndi sleeve ngati zinzake. Ku Boston mu 2013 ena anatenga mabakiteriya a m'matumbo a mbewa zochitidwa bypass n'kuwaika mu mbewa zopanda bakiteriya aliyense, zolandirazo n'kuchepa thupi popanda mpeni, ndipo chaka chomwecho gulu lina la ku Boston konko linapeza kuti gawo la matumbo lolumikizidwa lija limakula n'kuyamba kudya lokha shuga wambiri wochoka m'magazi. Zonsezi zikuchitika m'mimba imodzimodzi nthawi imodzi, ndipo thupi ukalitsekera njira imodzi limadzera ina, n'chifukwa chake kudula nthambi imodzi osaona kusintha sikutanthauza kuti nthambiyo ilibe ntchito.

Khoswe ndi munthu amasiyananso m'thupi momwe. Khoswe alibe kathumba ka ndulu ngakhale mbewa ili nako, khoswe satha kusanza, chifu chake chili ndi chigawo chakutsogolo chimene ife tilibe, ndipo amadya usiku. Chachikulu n'choti makoswe ndi mbewa zochitidwa bypass kawirikawiri pakapita masabata angapo zimabwerera kudya pafupifupi ngati kale koma zimakhalabe zowonda chifukwa thupi limawotcha mphamvu zambiri, pomwe anthu amawonda makamaka chifukwa akudya zochepa. Werenganinso nambala ya nyama pa gulu lililonse, nthawi zambiri zimakhala zochepa, onani kuti zingati zinafa pa opaleshoni poti kusoka matumbo a mbewa si ntchito yamasewera, ndipo onani ngati munali zazikazi, mapepala ambiri akale ankagwiritsa zazimuna zokhazokha.

Pomaliza pa kuwerengako funsani kuti nanga kwa anthu zinayenda bwanji. Nkhani ya vagus inayesedwa kale pa anthu. Mu Januwale 2015 bungwe la FDA ku America linavomereza kachipangizo kotchedwa Maestro kamene kankaikidwa m'thupi kuti kazitseka mameseji a vagus ndi magetsi. Pa kafukufuku wake, pakutha pa chaka anthu a kachipangizo kogwira ntchito anataya pafupifupi 24 peresenti ya kulemera kwawo kopitirira muyezo, a kachipangizo ka sham pafupifupi 16, kusiyana kunalipo koma kochepa kuposa kumene ofufuzawo anadziikira, ndipo kutali kwambiri ndi zimene bypass imachita. Ndiye mukaona wina akutsatsa kachida kogunditsa pakhosi kapena pakhutu n'kumati kachiza shuga podzutsa vagus, n'kumaloza kafukufuku wa makoswe ngati umboni, dziwani kuti ngakhale chida choikidwa ndi madokotala pa mtsempha weniweniwo chinangofika pamenepo.

Opaleshoni yeniyeniyo imagwiradi ntchito pa anthu, zimenezo si za makoswe okha. Kafukufuku wa STAMPEDE ku Cleveland Clinic anatenga odwala 150, ndipo patatha zaka zisanu amene HbA1c yawo, muyezo wa shuga wa m'magazi wa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, inali 6 peresenti kapena kutsika anali 29 peresenti mwa a bypass, 23 mwa a sleeve, ndi 5 mwa a mankhwala okha. Onani kuti 29 si 100, ndipo pa chaka choyamba a bypass anali pa 42, kutanthauza kuti kwa ena shuga anabwereranso. Komanso mu 2020 gulu la Samuel Klein ku St. Louis linayerekeza odwala shuga ochitidwa bypass ndi ena amene anawonda mofanana, pafupifupi 18 peresenti ya thupi, pochepetsa kudya kokha, ndipo phindu pa insulini ndi shuga linali lofanana, zimene zikukokera ku mbali yoti mwa anthu kuwondako n'kumene kumanyamula katundu wambiri. Anthu ake anali 22 okha, ndiye mkangano sunathere pamenepo, koma ndi pepala loyenera kuliika pambali pa la Rubino lija kuti muziwerenga onse awiri.

Ngati mukuwerenga zonsezi chifukwa inuyo kapena m'bale wanu ali ndi shuga ndipo mukuganizira opaleshoni, tengani zimene mwamva m'makoswe ngati zokuthandizani kufunsa dokotala mafunso abwino, mankhwala musasinthe panokha. Funsani kuti ndi opaleshoni iti ndipo chifukwa chiyani, nenani zaka zimene mwakhala ndi shuga komanso ngati mukubaya insulini, chifukwa amene adwala zaka zochepa ndipo kapamba wawo akadali ndi mphamvu ndi amene amakhala ndi mwayi waukulu woti shuga agone. Funsaninso za ayironi, vitamini B12 ndi kashiamu zimene zimachepa pambuyo pa opaleshoni ndipo zimafuna mapilisi moyo wonse, komanso za shuga kugwa kwambiri mukangodya, zimene zimachitikira ena patapita miyezi kapena zaka. Madokotala sagwiritsa mawu oti kuchira, amati shuga wagona, ndipo malinga ndi mgwirizano wa akatswiri wa 2021 amatero HbA1c ikakhala pansi pa 6.5 peresenti kwa miyezi itatu kapena kuposerapo munthu asakumwa mankhwala a shuga, ndipo ngakhale zitatero kuyezetsa magazi, maso, impso ndi mapazi kumapitirira chaka ndi chaka.